Pikapu ya dizilo ikafooka pachikweza ikukoka ngolo: poyambira kufufuza

Pikapu yomwe imayenda bwinobwino mu Mzuzu koma n'kufooka mukangoimangirira ngolo ya kumisasa, kawirikawiri si kuti injini yatha. Ngoloyo yangoulula vuto lomwe linalipo kale. Pakati pa Katoto ndi Luwinga injini imagwiritsa ntchito kagawo kochepa ka mphamvu zake. Koma kuchoka ku Nkhata Bay, kumene nyanja ili pa mamita pafupifupi 475, kukwera mpaka mu Mzuzu pa mamita oposa 1,200, tani yathunthu ili kumbuyo, pamafunika dizilo wokwanira, mpweya wokwanira ndi kuzizira kokwanira kwa mphindi zambiri mosalekeza. Chimodzi chikangoperewera, pomwepo mumamva. Zili ngati munthu wa chimfine: atakhala pansi amapuma bwino, koma musenzetseni thumba la chimanga pachitunda muone.

N'chifukwa chake musalole kuti makaniko ayambe n'kumasula mainjekita (timipopi tothira dizilo mu injini) kapena pampu ya dizilo. Zimenezo n'zodula, ndipo zimabwera kumapeto.

Dziwaninso kuti kufooka kwina si vuto ayi. Injini yopanda turbo (chipangizo chokankhira mpweya wochuluka mu injini), monga 3L ndi 5L za Hilux zakale kapena 1HZ ya Land Cruiser, imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse amene yakwera, poti mpweya umapepuka. Kuchoka kunyanja kufika ku Chelinda pa Nyika, pa mamita pafupifupi 2,300, mwataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo utsi wakuda pang'ono uoneka ndithu. Ya turbo imataya zochepa. Ngati pikapu ya turbo ikukanika pa Chiweta kapena ku Chikangawa pomwe chaka chatha inkadutsa ndi katundu yemweyo, apo ndiye pali chofufuza.

Yambirani kumbuyo

Mukayenda makilomita 10, imani pabwino ndipo yandikizani kuseri kwa dzanja pakati pa gudumu lililonse la ngolo. Kufunda si vuto. Gudumu lotentha moti simungaligwire, kapena lotentha kuposa linzake, likusonyeza kuti buleki ikugwira kapena bering'i yauma girisi. Kwezani ndi jeke, lizungulizeni ndi dzanja: lizizungulira momasuka, popanda kukhulana kapena kugwedera. Onani hando buleki ya ngolo ngati yatsika mpaka pansi, komanso kachingwe kachitetezo kamene kamakoka buleki ngolo ikamasuka. Kakafupika kapena kukulunga pachitsulo, pokhota kamakoka buleki pang'onopang'ono. Ngolo imene yakhala pabwalo nyengo yonse ya mvula, ndipo mvula ya mu Mzuzu simaleka msanga, imachita dzimbiri m'zingwe za mabuleki mpaka kumakana kubwerera.

Kenako matayala ndi kulemera. Pimani mpweya matayala ali ozizira, a ngolo ndi a galimoto omwe. Pa kulemera anthu ambiri amadzinamiza. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 100 ndi makilogalamu 100. Chigubu cha dizilo cha malita 20 ndi makilogalamu pafupifupi 17, osawerengera chigubucho. Onjezani firiji, batire yachiwiri, gasi, matenti ndi anthu anayi m'galimoto. Malire ake ali m'buku la galimoto ndi pakachitsulo ka pa thobala (chitsulo chokokera ngolo). Mapikapu ambiri amaloledwa kukoka makilogalamu 750 okha ngati ngolo ilibe mabuleki ake.

Giya nayo. Kukoka pachikweza mu giya yachisanu, injini ikuzungulira ka 1,500 pa mphindi, n'kuikomola dala. Tsikani giya chitunda chisanayambe, singano ya injini ikhale pakati pa 2,200 ndi 2,800. Ya otomatiki ikamasinthasintha yokha, itsekereni mu 3 kapena 2.

Dizilo: apa ndi pomwe pamakhala nkhani yaikulu

Filita ya dizilo yotsekeka pang'ono ili ndi khalidwe lake. Galimoto imalira msanga, pamalo athyathyathya imathamanga, koma pakati pa chikweza imayamba kunjanja kapena kungozilala ngati mwachotsa phazi pamoto. Utsi wakuda suoneka, poti vuto ndi kuchepa kwa dizilo, osati kwa mpweya. Mukaima mphindi ziwiri n'kunyamukanso, imakoka pang'ono n'kubwereza zomwezo. Pa injini za common rail (zimene mainjekita onse amalandira dizilo kuchokera m'payipi imodzi yachitsulo yotchedwa relo), monga D-4D ya Toyota, 4JJ1 ndi 4JK1 za Isuzu, YD25 ya Nissan kapena 2.2 ndi 3.2 za Ford Ranger, kompyuta ikaona kuti mphamvu ya dizilo m'relo yatsika, imayatsa nyali ya injini n'kuiika mu limp mode (kuchepetsa mphamvu dala poteteza injini), ndiye singano ya injini siingapitirire 2,000 kapena 2,500 ngakhale mupondetse bwanji.

Kwathu kuno filita imatseka msanga kuposa mmene buku limanenera, makamaka ngati nthawi ya kusowa kwa mafuta munathirako dizilo wa m'zigubu. Mumakhala dothi, dzimbiri ndi madzi, ndipo wina amasakaniza ndi palafini. Palafini ndiye woipitsitsa, chifukwa alibe mafuta ofewetsa amene pampu ndi mainjekita amadalira. Injini imalirabe, koma zam'kati zikudyeka. Buku likati filita musinthe pa makilomita 20,000 kapena kuposa, wokoka ngolo asinthe pa 10,000, ndipo ina yatsopano izikhala kuseri kwa mpando.

Yambani n'kukhetsa madzi. Pansi pa filita pali kachitseko kapulasitiki. Ikani botolo loonekera m'kati, tembenuzani kachitsekoko kawiri, ndipo popani kapampu kadzanja ka pamwamba mpaka patuluke dizilo woyera. Likhazikeni botololo mphindi zisanu: madzi amakhala pansi, dizilo pamwamba. Pa Hilux D-4D nyali ya filita ikamaphethira ndi madzi, ikayaka osazima ndiye kuti filita yafunika kusintha. Mukaona tizitsulo tonyezimira m'botolomo, musayendetsenso galimoto, pampu yayamba kudyeka ndipo tizitsulo timeneto tikafika ku mainjekita onse.

Posintha filita, pukutani pozungulira musanamasule, pakani dizilo pang'ono pa labala yatsopano, ndipo musaidzaze ndi dizilo wa m'chigubu poti ameneyo amalowa osasefedwa. Popani ndi dzanja mpaka kapampu kalimbe, mukatero lizani. Kapampu kakakana kulimba, kapena kakafewanso galimoto ikagona usiku, penapake pakulowa mpweya. Lumikizani kapayipi koonekera m'kati pakati pa filita ndi pampu, injini ilire, muone ngati mukudutsa thovu. Nthawi zambiri ndi payipi yong'aluka pakilampu kapena mutu wa filita womwewo. Malo otere dizilo satuluka, amangoyamwa mpweya, ndiye musamafune ponyowa.

China chosavuta: galimoto ikangofooka, tsegulani chitseko cha thanki. Mukamva ikuyamwa mpweya mwamphamvu, ndiye kuti popumira thanki patseka ndi matope kapena fumbi.

Chenjezo limodzi lokha pano. Mapayipi achitsulo opita ku mainjekita a common rail amanyamula mphamvu yoposa mabar 1,500. Musawamasule injini ikulira monga ankachitira pa injini zakale pochotsa mpweya, ndipo musapapase ndi chala pofuna podontha. Dizilo wotero amaboola khungu.

Ngati filita ndi yatsopano, mpweya sukulowa, koma vuto likadalipo, pa mapampu a Denso a mu Hilux, Isuzu ndi Nissan kayikirani kavalavu kotchedwa SCV, koyendetsa kuchuluka kwa dizilo wolowa m'pampu, kamene kali kuseri kwa pampuyo. Kakayamba kumata, galimoto imanjanja, nthawi zina kuzima poima, ndipo mukazimitsa n'kulizanso imabwerera mwakale kwa kanthawi. Kamasinthidwa pakokha popanda kugula pampu yonse.

Utsi wakuda ndi nkhani ya mpweya

Ikafooka uku ikufuka utsi wakuda, dizilo alipo koma mpweya ukuchepa. Tsegulani bokosi la filita ya mpweya. Ulendo umodzi wa chilimwe kuchoka ku Rumphi kudzera ku Thazima, kapena wopita ku Kazuni ku Vwaza, ukhoza kuidzaza fumbi. Igogodeni pang'ono ngati muli panjira, koma kuipopa ndi kompuresa yamphamvu kumang'amba pepala, fumbi n'kumalowa mu turbo. Yang'ananinso m'bokosimo ndi m'khosi mwake. Makoswe amamangamo zisa galimoto ikakhalitsa.

Tsatirani mapayipi alabala kuchoka pa turbo kupita ku intercooler (choziziritsa mpweya wochoka mu turbo) mpaka ku injini. Finyani iliyonse ndi dzanja, muitembenuze muone pansi pake, poti mng'alu umakonda kubisala mmenemo ndipo umatseguka pokhapokha turbo ikukankha mwamphamvu. Chizindikiro chake ndi kachinyezi ka oyilo wakuda pozungulira mng'aluwo ndi kamluzu kapena mkokomo wa mpweya mukaponda moto. Kilampu yomasuka imachitanso chimodzimodzi. Panjira, tepi yolimba ndi makilampu awiri zikufikitsani mu Mzuzu mukamayenda mofatsa.

Masensa awiri amasokoneza kompyuta akada. Ya MAF, yoyeza kuchuluka kwa mpweya wolowa, ili pafupi ndi bokosi la filita; ya MAP, yoyeza kukankha kwa mpweyawo, ili cha pa manifolodi (njira yolowetsa mpweya mu injini) ndipo imatsekeka ndi mwaye wosakanikirana ndi oyilo. Zonse zimatsukidwa ndi sipuleyi yotsukira zamagetsi, osakhudza kawaya kam'kati, ndipo ziume musanabwezeretse. Mwaye womwewo umachokera ku valavu ya EGR, imene imabweza utsi wina mu injini. Ikamatirira yotsegula, injini imapuma utsi m'malo mwa mpweya ndipo imalemera ponyamuka. Galimoto ya makilomita oposa 150,000 imene sinatsukidwepo manifolodi, mukaitsegula mupeza njira yachepa kwambiri.

Ma turbo amakono ali ndi timapiko tosuntha m'kati. Galimoto yongozungulira m'tauni, timapikoto timamata ndi mwaye. Pachikweza turbo imakankha mopitirira, kompyuta n'kudula mphamvu mwadzidzidzi. Kusiyana kwake ndi filita n'koti apa mphamvu imaduka kamodzin'kamodzi, osati pang'onopang'ono. Mapikapu atsopano ena obwera kuchokera ku UK kapena ku Japan ali ndi DPF mu ekizozi, yosefa mwaye. Nyali yake ikayaka, masulani ngolo muyende mphindi 20 mpaka 30 pa liwiro loposa 60 kuti iwotche mwayewo.

Kutentha

Kompyuta imachepetsanso dizilo dala injini ikatentha, ndipo mageji ambiri sasuntha pakati mpaka zinthu zitafika poipa. Pachikweza chachitali, fani ya kutsogolo kwa injini iyenera kumveka ikubangula ikatentha. Ikakhala chete, kapena injini yotentha itazimitsidwa n'kumazungulira mopepuka mukaikankha ndi dzanja, kapulingi yake yatha. Unikani ndi tochi pakati pa rediyeta ndi kondensa ya eyakoni: njere za udzu, tizilombo ndi matope zimaunjikana pamenepo pomwe maso saona. Tsukani ndi madzi osathamanga kwambiri kuchokera mbali ya injini. Mu rediyeta muzikhala kulanti wosakaniza monga yalembedwera pabotolo, osati madzi a pamjigo, amene amasiya miyala m'timabowo.

Singano ya kutentha ikayamba kukwera muli pa Chiweta, zimitsani eyakoni, tsegulani hita mpaka kumapeto, tsikani giya. Ikapitirira, patukani pabwino, ikani miyala kumatayala a ngolo, injini izilira mphindi zitatu musanazimitse kuti turbo izizire. Chitseko cha rediyeta musachikhudze mpaka itazizira. Kwa otomatiki, oyilo wa giyabokosi wabwino ndi wofiira. Wabulauni wonunkha kupsa ndiye kuti wakhala akutenthedwa, ndipo wokoka ngolo kawirikawiri aganizire zoikitsa kula (choziziritsira) yapadera ya oyiloyo.

Pali kufooka kwina kumene injini ilibe nako mlandu. Mukaponda moto singano ya injini n'kukwera koma liwiro osakwera, pamodzi ndi fungo lopsa, ndi kilatchi ikuterereka. Yesani popanda ngolo: giya yachinayi, liwiro la 50, pondani mpaka pansi pakachitunda. Kilatchi yotero ndi ngolo siikweranso kuchoka kunyanja. Ndipo msewu wa Gorodi wochoka ku Chitimba kukwera ku Livingstonia, ndi makona ake akuthwa aja, si wopitako ndi ngolo ngakhale kilatchi ili yatsopano.

Kuika pa kompyuta

Nyali ya injini ikayaka, makodi (manambala osonyeza vuto amene kompyuta ya galimoto imasunga) awerengedwe asanafufutidwe, ndipo musachotse batire poganiza kuti mukukonza. Kachipangizo ka OBD2 kolumikiza ku foni kamakwanira pa mapikapu ambiri. Soketi yake ili pansi pa chiwongolero. P0087 ikunena kuti mphamvu ya dizilo m'relo yachepa, ndiye bwererani ku filita, mpweya m'mapayipi ndi SCV. P0299 ndi turbo yosakankha mokwanira, P0234 ndi yokankha mopitirira, P0101 ndi MAF, P0401 ndi EGR, P2463 ndi DPF yodzaza. Kodi imaloza dera, siitchula chogula: P0299 nthawi zambiri imathera pa payipi yalabala, osati turbo yatsopano.

Popeza vutoli limabwera ndi katundu, kuyeza galimoto itaima pagalaja sikuonetsa kanthu. Mangirirani ngolo, makaniko akhale pambali panu ndi makina ake, mutsike msewu wa Nkhata Bay makilomita angapo n'kukweranso. Ayang'ane manambala awiriawiri: mphamvu ya dizilo imene kompyuta ikufuna ndi imene ikupezeka, chimodzimodzinso ya turbo, kuphatikizapo kutentha kwa madzi. Imene ikutsalira pa nthawi yomwe galimoto yafooka ndiyo yokutsogolerani. Mainjekita afikiridwe zonsezi zitayera, ndipo ayambe ayezedwa ali pa injini pomwepo, poona dizilo amene aliyense akubweza m'timabotolo tofanana. Wobweza wochuluka kuposa anzake ndiye wochotsa.