Momwe mungapezere draw pa chess osataya theka la pointi

Mtsikana wina wa m'kalabu yathu, wa zaka 12, anatuluka mu holo ya mpikisano misozi ili chuchuchu. Anali ataona bwino kuti masewero abwerera pa malo omwewo kachitatu, koma anayamba wasuntha queen, kenako n'kukweza dzanja kuitana arbiter (woweruza wa mpikisano). Mwayi wa draw (kufanana mphamvu, aliyense n'kupeza theka la pointi) unathera pomwepo, ndipo pamapeto pake anagonja.

Ndiye tiyambe ndi lamulo limene linamugwetsali. Ngati mwaona kuti kusuntha kwanu kubweretsa malo omwewo kachitatu, musakhudze kanthu pa bolodi. Lembani kaye kusunthako pa pepala lanu, imitsani wotchi, itanani arbiter, mumuuze kuti mukufuna draw. Malowo akhale ofanana ndendende: kanthu kalikonse kali pomwe kanali, wosewera yemweyo ndiye ali ndi mpata, ndipo ufulu wa castling (kusuntha mfumu ndi rook nthawi imodzi) ndi en passant (kadyedwe kapadera ka pawn) sunasinthe. Sikofunika kuti abwere motsatizana. Mukalakwitsa kuwerenga, mnzanu amawonjezeredwa mphindi 2, choncho pepala lanu lizikhala laukhondo. Njira yomweyi imagwiranso ntchito ngati aliyense wasuntha ka 50 motsatizana popanda kudya kanthu kalikonse kapena kuyendetsa pawn.

Kupempha draw mwa mgwirizano kuli ndi dongosolo lina. Sunthani kaye, nenani kuti "draw?", kenako dinani wotchi. Nonse awiri lembani (=) pa pepala. Mukapempha simungabwezenso mawu. Mnzanu akhoza kukana ndi pakamwa kapena pongogwira kanthu kake kuti asunthe. Musamangopempha kawirikawiri, malamulo a FIDE, bungwe loyendetsa chess padziko lonse, amakutenga ngati kusokoneza mnzanu. Funsaninso mpikisano usanayambe, chifukwa ina imaletsa kugwirizana draw musanafike pa kusuntha kwa nambala 30.

Pali draw zina zobwera zokha. Mfumu yatsala yokha kulimbana ndi mfumu ndi bishop mmodzi, kapena ndi hatchi imodzi, basi zatha. Stalemate nayo: mpata ndi wanu, mfumu siili pa check (sikuopsezedwa), koma palibe poti musunthe. Atsikana ambiri akatsala ndi mfumu yokha amafulumira kutambasula dzanja kuvomereza kugonja, pomwe mnzawo wachimwemweyo, ali ndi queen m'manja, ndi amene amaiwala kusiyira mfumu popumira. Sewerani mpaka mapeto.

Musanadzuke, onani kuti pa mapepala onse palembedwa ½-½, ndipo nonse musayine.