Momwe mungadziwire mtundu wa kadziwotche amene watuluka m'chikwa

Tiakadziwotche ting'onoting'ono timafanana kwambiri, makamaka tikauluka masiku angapo n'kuthothoka mamba a pamapiko. Ubwino wosunga chikwa mpaka kadzatuluke ndi woti mumakaona kali katsopano, mawanga onse ali m'malo.

Ntchito imayamba tsiku lomwe mwatola chikwacho. Lembani tsiku, malo ndi chomera chimene mwachipezapo. Za chomerazi musazipeputse, chifukwa mbozi za mitundu yambiri zimadya chomera chimodzi kapena zapachibale zokhazokha. Onaninso mmene mboziyo inadyera. Tsamba lopindidwa n'kumangidwa ndi ulusi kawirikawiri ndi ntchito ya mbozi za akadziwotche a banja la Tortricidae, pamene timizere tokhotakhota m'kati mwa tsamba timasiyidwa ndi mbozi zokumba tsamba, monga za Nepticulidae.

Chikwa chilichonse chikhale m'botolo lakelake. Pansi yalani kapepala kofewa, ikanimo kamtengo kokwerapo, pakamwa mumangepo kansalu kuti mpweya uzilowa, apo ayi chichita chuku. Musaliike padzuwa. Ine ndinaunjikapo zikwa zitatu m'botolo limodzi, katatuluka kamodzi ndinasowa kuti kachokera m'chiti.

Kakatuluka musathamangire kukagwira. Mapiko amakhala okwinyika, ndiye kapatseni ola limodzi kapena awiri kuti atambasuke n'kuuma. Mukatero ikani botololo mufiriji kwa mphindi 10 kuti kazizidwe, kasiye kutakataka. Kajambuleni pamwamba, m'mbali ndi kumutu, rula yosonyeza mamilimita ili pambali.

Musanayambe kuwerenga mawanga, onani kakhalidwe kake. Kakatambasula timapiko towonda ngati chilembo cha T, ndi ka banja la Pterophoridae. Kakatukula mutu m'mwamba, kumbuyo kutagunda pansi, ganizirani Gracillariidae. Ambiri a Tortricidae akapinda mapiko amaoneka ngati kabelu. A Gelechiidae ali ndi tiziwalo tiwiri tapakamwa topindikira m'mwamba ngati nyanga, ndipo Tuta absoluta, wowononga matimati uja, ali m'banja limeneli. Wosavuta ndi Plutella xylostella wa pakabichi: chikwa chake chili ngati kaukonde, ndipo kadziwotcheyo pamsana ali ndi mzere wotuwa wonga madayamondi olumikizana.

Nthawi zina m'botolo mumapezeka kamavu kapena kantchentche. Simunalakwitse. Ndi tizilombo toikira mazira pa mbozi kapena m'thupi mwake, n'kuidya.

Khoko lotsalalo musataye, lisungeni pamodzi ndi zimene munalemba. Zithunzi ziikeni pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti lothandiza kuzindikira zamoyo, mutatchula chomera, kuti odziwa akuthandizeni. Akakuuzani banja lokha musakhumudwe. Mitundu ina akatswiri amaisiyanitsa pokhapokha ataona ziwalo zoberekera pa maikulosikopu kapena atayeza DNA, choncho ngati mukufunitsitsa dzina lenileni, kaumitseni bwino ndi kukasunga m'kabokosi kotseka kuti nyerere zisakadye.