Lekani kuphunzitsa anamwino paokha, madokotala paokha

Nyengo ino ya maphunziro owonjezera m'zipatala ndaona vuto limodzi likubwerezedwa kumene ndakhala ndikuyendera, ndipo likundiwawa mumtima. Malangizo atsopano a kaperekedwe ka mankhwala akafika, oyang'anira amaitana madokotala Lolemba, anamwino Lachitatu, a ku famase ndi a ku labu n'kumangomva mphekesera m'khonde. Aliyense amasaina kuti waphunzira. Koma lowani m'wodi m'mawa nthawi yosinthana shifiti: anamwino akupatsirana lipoti pakona, madokotala akupatsirana lawo m'chipinda china atatseka chitseko. Wodwala mmodzi yemweyo akukambidwa malo awiri ndi anthu amene sakumvana.

Taonani mmene zimathera. Namwino wa usiku waona kuti mkodzo wa wodwala wachepa kwambiri, walemba m'buku la anamwino. Dokotala wam'mawa buku limenelo salitsegula, iye amawerenga fayilo, ndiye walemba kuti gentamicin, mankhwala opha tizilombo amene angathe kuwononga impso, apitirire pa mlingo womwewo. Wa ku labu ali ndi zotsatira zosonyeza kuti impso zayamba kufooka, koma pepalalo lili m'thireyi kudikira wodzalitenga. Wa ku famase akanafunsa, kungoti chimene chamufika ndi dzina la mankhwala ndi nambala ya bedi basi. Anthu anayi, onse odziwa ntchito, palibe waulesi, koma impso za munthu zikuwonongeka ali m'manja mwawo. Amene akanatuluka Lachisanu akugona sabata ina, bedi lake akulifuna wina, achibale atha mphamvu, ndipo pamapeto mlandu umagwera namwino yemwe uja amene anali woyamba kuona vutolo.

Nkhaniyi si yachilendo kwa ofufuza. M'chaka cha 1999 bungwe la Institute of Medicine ku America linalengeza kuti anthu pakati pa 44,000 ndi 98,000 ankamwalira chaka chilichonse m'zipatala za dzikolo chifukwa cha zolakwika zachipatala, ndipo linati gwero lalikulu ndi kayendetsedwe ka ntchito, osati kuipa kwa munthu mmodzi. Mu 2010 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa ndondomeko yonena kuti anthu a ntchito zosiyana zaumoyo aziphunzira pamodzi, aziphunzitsana, ndiponso azidziwa ntchito ya mnzawo. Patapita zaka zonsezi ife tikugawabe anthu m'makalasi ngati kuti akukachiza odwala osiyana.

Umboni ulipo. Mu 2014 kunatuluka kafukufuku wochitika m'zipatala 9 zophunzitsira madokotala a ana ku America ndi Canada, kumene anaphunzitsa njira imodzi yosiyirana odwala yotchedwa I-PASS. Zolakwika zinatsika ndi 23 peresenti, ndipo mavuto opeweka amene amavulaza wodwala anatsika ndi 30 peresenti, popanda kutalikitsa nthawi ya lipoti. M'zipatala za asilikali opuma ku America, kafukufuku wa 2010 anapeza kuti kumene gulu lonse la opaleshoni linaphunzitsidwa limodzi, imfa zinatsika ndi 18 peresenti, pamene kumene anali asanaphunzitsidwe zinatsika ndi 7 peresenti yokha. M'zipatala zimenezo ankaimitsa maopaleshoni tsiku lathunthu kuti wochita opaleshoni, wogonetsa ndi namwino akhale m'kalasi imodzi. Ndiye wina akamandiuza kuti "ndandanda ya ntchito siilola," ine ndimalephera kumumvetsa.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi chizolowezi chakale chija chakuti wamng'ono asamayankhe wamkulu. Namwino waona mlingo wolakwika, amayamba waganiza kaye mmene a dokotala amuyang'anire. Wophunzira waona pa opaleshoni kuti nsalu imodzi yopukutira magazi siikuoneka ndipo mwina yatsala m'thupi la wodwala, amangoti chete poopa kuoneka wamwano. Amy Edmondson, wofufuza wa ku Harvard, atafufuza magulu a anamwino m'zaka za m'ma 1990 anapeza chodabwitsa: magulu otsogoleredwa bwino ndi amene ankaoneka ndi zolakwika zambiri m'malipoti. Atafufuzitsa anaona kuti chachikulu n'chakuti iwowo sankaopa kuulula. Wodi imene buku lake la zolakwika lili mbee, musafulumire kuiyamikira. Ndipo mantha amenewa sangathe ngati anthu amangokumana pa bedi la wodwala wakayakaya, asanakhalepo pampando umodzi n'kufunsana funso wamba.

Bambo wina, mlimi, amene ankadwazika mkazi wake, anandikokera pambali tsiku lina. Anati anauza anthu atatu osiyana kuti mayiwo amatupa nkhope akalandira penicillin, koma wachinayi anabwera ndi jakisoni wa mankhwala omwewo, mpaka iwo anachita kuimirira n'kutchinga. Kenaka anayamba za ng'ombe zawo. "Ng'ombe yanga ina itafa ndinagula ina yodziwa kale kulima. Zonse ziwiri zinali zodziwa, koma mizere inkangokhota. Ndinazimanga goli limodzi n'kumaziyendetsa pamalo opanda mbewu mpaka zitazolowerana. Nanga inu achipatala, anthu anu mumawazoloweza pa mkazi wanga?" Ananena modekha, koma manja awo ankanjenjemera.

Tsono pasapezeke woganiza kuti akasindikiza fomu n'kumata pakhoma ndiye kuti wathana nazo. Mndandanda wa WHO wa mfundo 19 zoona pochita opaleshoni unayesedwa m'zipatala 8, kuphatikizapo za ku Toronto, New Delhi, Manila ndi Ifakara ku Tanzania, ndipo zotsatira za 2009 zinaonetsa imfa zikutsika kuchoka pa 1.5 peresenti kufika pa 0.8. Koma chigawo cha Ontario ku Canada chitalamula zipatala zake kugwiritsa ntchito mndandanda wotere, kafukufuku wa 2014 sanapeze kusintha kooneka. Kuchonga mabokosi n'kosavuta. Mfundo imodzi pamndandandawo imati aliyense m'chipindamo atchule dzina lake ndi ntchito yake mpeni usanagwire thupi, ndipo imeneyi ndi imene anthu amakonda kuidumpha poiyesa yachibwana, chonsecho munthu amene walankhulapo kamodzi savutika kulankhulanso zinthu zikavuta.

Zochita mukuzidziwa kale, ndingokumbutsa. Maphunziro akabwera, itanani anthu potengera wodi, osati udindo, ndipo ngati onse sangachoke nthawi imodzi agaweni magulu awiri osakanikirana. Lipoti la m'mawa likhale limodzi, pafupi ndi bedi, ndipo wa ku famase azibwerako ngakhale kawiri pa sabata. Poitana dokotala tsatirani njira yoperekera uthenga ya mfundo zinayi yotchedwa SBAR: chikuchitika n'chiyani, mbiri ya wodwala, inu mukuona kuti vuto n'chiyani, mukupempha chiyani. Wolandira uthenga aubwereze mokweza. A m'sukulu zaumoyo tengerani chitsanzo ku Linköping ku Sweden, kumene kuyambira 1996 ophunzira udokotala, unamwino ndi ntchito zina amasamalira limodzi odwala m'wodi yophunzitsira. Ndipo kamodzi pamwezi yesererani ngozi, monga mayi wotaya magazi atabereka, pogwiritsa ntchito chidole, onse alipo mpaka wonyamula magazi ku labu, kenaka khalani pansi mphindi khumi, wamng'ono ayambe kunena chimene waona.