Malo ogulira mabotolo, anthu aulumali nawonso azifikapo

Anzanga amene mukutsegula malo ogulira mabotolo apulasitiki ku Area 25, Kawale, Mchesi kaya kwa Chinsapo, tamverani izi kaye musanakhome chikwangwani.

Yambani ndi njira. Muno mu Lilongwe ngalande zili paliponse ndiye ngati pakhomo panu pali ngalande ikanipo silabu yasimenti yotakata bwino, yoti njinga ya munthu waulumali idutse matayala onse, osati kathabwa kamodzi komwe mumadumphirapo inuyo. Nthawi yamvula matope akuno mukuwadziwa, thiranipo zidutswa za njerwa n'kutsendera.

Sikelo musaipachike m'mwamba. Ndinaonapo mayi ena ali panjinga yawo atabwera ndi thumba lodzadza mabotolo, sikelo ili pamtengo uko manambala osaoneka, anangolandira ndalama osadziwa kuti makilo anali angati, zinandipweteka mtima zedi. Itsitseni, munthu atakhala pansi aziwerenga yekha.

Kwa amene saona, mnyamata wapasikelo azitchula makilo ndi mtengo mokweza, ndalama aziwawerengera m'manja mwawo imodzi imodzi. Amene samva alembereni papepala kapena pafoni, komanso funsani a MANAD, bungwe la anthu osamva muno m'Malawi, za chinenero chamanja, ngakhale moni ndi manambala chabe zithandiza.

Ena sangathe kufika n'komwe. Pezani wakabaza azikatenga mabotolo kunyumba Loweruka lililonse, mwagwirizana pa WhatsApp, ndalama muwatumizire pa Mpamba kapena Airtel Money tsiku lomwelo. Musanamange chilichonse itanani eni ake awiri atatu a m'dera lanulo ayese kulowa, akuuzani okha pomwe pakuvuta.