Mouse ikakana pa kompyuta yakale

Musathamangire kukagula ina. Makompyuta akale ambiri ali ndi mabowo awiri ozungulira kumbuyo, otchedwa PS/2: lobiriwira ndi la mouse, lapepo ndi la kiyibodi. Ambiri amasemphanitsa pomwepo.

Mouse yotereyi siyolowetsa kompyuta ili chiyakire, chifukwa makinawo amaizindikira poyaka pokha. Zimitsani kaye, lowetsani, kenako muyatse. Koma musanalowetse, suzumirani timapini 6 tam'kati mwa pulagi. Kamodzi kakapindika, kawongoleni pang'onopang'ono, chonde, timathyoka msanga timeneti.

Chimandiwawa ndi kuona anthu akutaya ndalama pa ka adapter kobiriwira kosintha USB kukhala PS/2. M'katimo ndi mawaya chabe, ndiye kamagwira pokhapokha mouse yanuyo inapangidwa kuti izigwira mbali zonse ziwiri.