Galimoto ya petulo ikukirenka koma osalira, muyambire pati kuno ku Chigwa cha Shire

Pali mavuto awiri omwe anthu amawasakaniza nde tiyambe tawalekanitsa. Mukapotokola kiyi galimoto nkungoti "tha" kapena kungokhala zii, imeneyo ndi nkhani ya batire, mateminolo kapena sitata. Ine ndikunena ija yoti sitata ikuzunguza injini bwinobwino, mukumva che-che-che-che koma osagwira moto. Imeneyi ndi yomwe yawadyera anthu ndalama kuno, munthu wagula batire latsopano, wagula mapulagi, wapita mpaka ku Blantyre kukasaka koyilo yomwe imapereka moto ku pulagi, pomwe vuto linali fyuzi imodzi. Zimandiwawa kwambiri makamaka ndikaona anyamata a ma Sienta omwe ndalama yake ndi ya tsiku lomwelo, bwana akudikira madzulo.

Choyamba siyani kukirenka mosalekeza. Masekondi 10 basi, kenako sitata ipume kaye. Ndi kutentha kwa ku Ngabu ndi ku Nsanje mu Okutobala ndi Novembala kopitirira madigiri 40 kuja sitata sichedwa kupsa, batire nalo limatha nde mumakhala ndi mavuto awiri. Kukankha sikuthandizanso ngati injini ikuzungulira kale mwamphamvu, ndipo ngati ndi otomatiki musavutitse nkomwe anthu. Koma ngati ikuzungulira mwaulesi yezani batire, lodzadza limakhala pa mavoti 12.6 ndipo pokirenka lisatsike kupitirira cha m'ma 10, likatsika kwambiri kompyuta ya galimoto siigwira bwino ntchito olo sitata ikuyesetsa.

Injini ya petulo imafuna mafuta, moto wa pa pulagi, mpweya ndi kompuresheni (kufinyika kwa mpweya mu silinda), zonsezi pa nthawi yake. Ntchito yanu ndi kupeza chomwe chasowa musanatulutse ndalama.

Yambani ndi khutu. Zimitsani wailesi ndi fani, ikani kiyi pa ON osakirenka. Pa galimoto zambiri mumva kaphokoso kochokera kumbuyo cha ku thanki, vuuu kwa masekondi awiri kapena atatu, imeneyo ndi pampu ya mafuta. Ma Toyota ena pampu imayamba pokhapokha mukukirenka nde muuzeni mnzanu atsegule chivindikiro cha thanki aike khutu pomwepo inu mukukirenka. Muyang'anenso dashibodi. Nyali ya check engine ikuyenera kuyaka kiyi ali pa ON, ikapanda kuyaka ndiye kuti kompyuta siikulandira magetsi, pitani ku bokosi la mafyuzi mu boneti muone yolembedwa EFI. Ngati kanyali ka kiyi kapena ka security kakungophethira ndiye kuti galimoto siikumuzindikira kiyiyo, yesani wa sipeya. Kiyi wodulitsa pamsika wopanda chipu amatsegula chitseko, pena amakirenka, koma injini siilira.

Pampu ikakhala chete musathamangire kugula ina. Onani fyuzi, kenako rile yake, kabokosi kakang'ono koyatsa ndi kuzimitsa magetsi a pampu, pa Toyota nthawi zambiri imalembedwa C/OPN. Ngati pali rile ina yofanana nambala ndi miyendo, monga ya hutala, sinthanitsani muyese. Zikakanika, wina azikirenka inu muzimenya pansi pa thanki ndi chikhatho kapena kathabwa. Ikalira mwapeza wakuba, pampu yatha, ndipo kumenyako kungokufikitsani kwa makaniko osati kuti yachira.

Apa ndikhalitsepo chifukwa mavuto ambiri a kuno ndi a mafuta. Petulo akasowa pa filingi tonse timathamangira kwa mavenda, ndipo sindikunyoza munthu, koma zigubu zina zimakhala ndi madzi, dzimbiri, mchenga, ena osaopa Mulungu amathiramo parafini. Ngati galimoto inayamba kudukiza mutangothira mafuta a m'chigubu, kenako nkuzima osaliranso, tulutsani pang'ono mu botolo loyera loonekera mkati, liikeni pamthunzi kwa mphindi zingapo. Madzi ndi olemera kuposa petulo nde amakhala pansi, mudzaona mzere wolekanitsa bwinobwino, pena ndi tizinyalala tofiirira. Mukaona zimenezo thanki itsitsidwe itsukidwe, kasefa ka pa pampu kasinthidwe, palibe chidule. Chinanso ndi chizolowezi chothira malita awiri awiri nkumayenda nyali ya mafuta ili chiyakire. Pampu imakhala mkati mwa thanki ndipo chomwe chimaiziziritsa ndi petulo yemweyo, nde mukamayenda thanki ili gwaa ndi dzuwa la kuno mukuiwotcha pang'onopang'ono, komanso imakoka litsiro lonse la pansi. Geji nayo imanama, makamaka galimoto ikaima popendekeka. Thiranimo malita 5 a petulo amene mukumukhulupirira musanamasule chilichonse.

Njira yachangu yodziwira ngati ndi mafuta kapena moto nayi. Masulani paipi ya mpweya yochokera ku fyuluta, poperani pang'ono sipuleyi yotsukira kabureta kukamwa kwa injini, bwezerani paipi, kirenkani. Ikalira pang'ono nkuzima ndiye kuti moto ulipo, mafuta ndi omwe sakufika. Ikapanda kusintha kalikonse pitani ku moto. Chonde abale osathira petulo wa m'botolo mmenemo munthu wina akukirenka, injini ikabweza moto umatulukira pomwepo ndipo anthu apsa nkhope ndi manja chifukwa cha zimenezi.

Kuyeza moto sikovuta. Galimoto ngati Sienta, Probox, Vitz ndi Passo koyilo iliyonse imakhala pamwamba pa pulagi yake. Masulani imodzi, lowetsani pulagi kumapeto kwake, tsamiritsani chitsulo cha pulagiyo pa chitsulo cha injini, osagwira ndi manja, ndipo pasakhale petulo wotayika pafupi. Wina akirenke. Moto wabwino ndi wabuluu, umathetheka tha-tha-tha, wofooka umakhala wachikasu. Masana a kuno ndi owala kwambiri nde tchingani ndi chipewa kuti muone. Ndipo mvetsani ichi, koyilo imodzi ikafa galimoto imalirabe, imangonjenjemera. Ngati moto palibe pa zonse si kuti makoyilo onse afera limodzi, ndi fyuzi, waya wa magetsi kapena wa ethi, kapena sensa ya kirankishafuti. Sensa imeneyi ndi yomwe imauza kompyuta kuti injini ikuzungulira, ikafa kompyuta siipereka moto ndipo mainjekita, omwe amapopera petulo mu injini, satsegula. Khalidwe lake ndi lodziwika, imakana ikatentha. Mwachoka ku Bangula bwinobwino, mwaima pa Nchalo kutsitsa anthu, kuti muilize yakana, mwakhala theka la ola yazizira yalira ngati palibe chachitika. Ngati galimoto yanu ili ndi geji ya marevu yang'anani muvi pokirenka, pa galimoto zambiri umagwedezeka pang'ono, ukangogona pa ziro ikayikireni sensa. Makaniko wokhala ndi kamakina ka diagnosis akalumikiza amapeza nambala ya vutoli, P0335. Kulipira kamakinako ndi kotchipa kuposa kugula zinthu mongolota.

Mapulagi mukawatulutsa ayang'aneni bwino chifukwa amanena zambiri. Ouma gwaa mutakirenka kangapo ndiye kuti mafuta sakufika. Onyowa onunkha petulo ndiye kuti mafuta alipo koma sakupsa, mwina injini yamwa mafuta ambiri. Apukuteni aume, bwezerani, pondani akisileta mpaka pansi nkukirenka osachotsa phazi, galimoto zambiri za mainjekita zimadula mafuta mukatero kuti injini ipume. Kupopa akisileta kunali kwa galimoto za kabureta, pa izi sikuthandiza.

Fumbi ndi makoswe musaziiwale. Amene mumayenda msewu wa ku East Bank ndi timisewu ta m'midzi tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya, pena mumapeza yatsekeka ndi dothi kapena khoswe wamangamo chisa. Galimoto yogona pafupi ndi matumba a chimanga kapena mapira makoswe amadya mawaya, nde unikani ndi tochi kuseri kwa injini muone ngati palibe waya wolumidwa.

Za madzi osefukira tonse tikudziwa, namondwe Ana mu Januwale 2022 anadula msewu wa M1 ku Chikwawa, namondwe Freddy mu Malichi 2023 anachita zoposa. Galimoto ikazima muli pakati powoloka madzi musakirenke olo kamodzi. Ikokeni, tsegulani fyuluta ya mpweya, ikakhala yonyowa ndiye kuti madzi alowa. Madzi safinyika ngati mpweya, mukakakamiza makonirodi, zitsulo zogwira mapisitoni, amapindika injini nkuthera pomwepo. Chotsani mapulagi onse, zulani fyuzi ya EFI, kenako kirenkani kuti madzi atulukire m'mabowo. Onani oyilo pa dipisitiki, akaoneka ngati tiyi wamkaka asinthidwe injini isanalizidwe. Masoketi onse aume, makamaka ngati madzi anafika m'kati pansi pa mipando ndi dashibodi pomwe pamadutsa mawaya.

Ngati mafuta alipo, moto ulipo, koma ikukanabe, mvetserani kakirenkedwe. Injini yabwino imamveka kuti ikulimbana ndi chinachake. Ikamazungulira mopepuka, mwachangu, phokoso losalala, kompuresheni palibe. Pa ma Corolla akale a injini ya 4A kapena 5A nthawi zambiri ndi lamba wa taimingi waduka, tsegulani kachivindikiro ka pamwamba pa lambayo muone ngati kamushafuti, yomwe lambayo amazunguza, ikuzungulira wina akamakirenka. Injini ya 1NZ ya mu Sienta ndi Probox ili ndi tcheni, nde funso loyamba ndi loti kodi inatentha posachedwa? Galimoto yomwe inawira pokwera chitunda cha ku Thabwa itadzadza anthu ndi katundu dalaivala nkumakakamizabe, gasiketi ya hedi imapsa, pena hedi yomwe imapindika. Izi nde si za pansi pa mtengo ayi, ikokeredwe kwa makaniko amene ali ndi geji ya kompuresheni ayeze silinda iliyonse inu mukuona, ndipo mumuuze zonse zomwe mwayeza kale, ngati pampu imamveka, moto unali wotani, mapulagi anali ouma kapena onyowa komanso mafuta omaliza munathira kuti.