Mmene Mungamangire Nyumba Yopirira Chivomerezi Ngakhale Simunachionepo

Anthu amamanga nyumba potengera ngozi imene akuikumbukira. Amene denga lake linasasukapo ndi mphepo sanyalanyaza misomali, koma chivomerezi chachikulu chimatha kukhala zaka zambirimbiri osabwereranso pamalo, choncho anthu amaiwala ndipo amisiri amayamba kudumpha zinthu zosaoneka ndi maso. Mu 2010 chivomerezi cha mphamvu ya 7.0 chinapha anthu oposa 100,000 ku Haiti, pamene china chachikulu kwambiri, cha 8.8, chinapha anthu ongopitirira pang'ono 500 ku Chile chaka chomwecho. Zifukwa zilipo zingapo, koma chimodzi chachikulu n'chakuti ku Chile, kumene kunachitika chivomerezi cha 9.5 mu 1960, malamulo a kamangidwe amatsatiridwa.

Choyamba, musadalire mawu akuti "kuno sizichitika". Funsani injiniya kapena akatswiri a za nthaka ndi miyala za mbiri ya dera limene mukufuna kumangapo, ndipo pewani malo otsetsereka kwambiri kapena okwiriridwa ndi dothi lofewa, chifukwa nthaka yotere imakulitsa kugwedezeka.

Muyeneranso kudziwa kuti chivomerezi chimakankha nyumba cham'mbali, pamene makoma ambiri amamangidwa kuti angonyamula kulemera kochokera pamwamba. N'chifukwa chake nyumba iyenera kugwirana yonse ngati chinthu chimodzi. Njerwa za m'makona zilowane bwino, ndipo pamwamba pa makoma onse pakhale lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo, wozungulira nyumba yonse popanda kudukiza. Ambiri amaika lintala pamwamba pa khomo ndi pawindo pokha n'kumaganiza kuti zakwanira, koma kumeneko ndi kudzinamiza. Tizitsulo tozungulira zitsulo zikuluzikulu za m'mizati tikhale toyandikana, ndipo nsonga zake zipindidwe kulowa m'kati pa madigiri 135 kuti zisamasuke nyumba ikamagwedezeka. Mawindo ndi makomo asayandikire makona, asachulukenso pakhoma limodzi. Denga likhale lopepuka komanso lomangiriridwa ku lamba uja.

Zonsezi zimawonjezera ndalama, ndipo apa ndi pamene mwininyumba amayesedwa, popeza matailosi amaoneka koma zitsulo zimabisika. Ngati ndalama zachepa, chedwetsani zokongoletsa, osati kuchepetsa simenti. Pa tsiku lothira konkire mukhalepo nokha, muone zitsulo zisanakwiriridwe, ndipo muuze amisiri kuti azithirira madzi konkireyo kwa masiku osachepera 7.